Kodi foni ingamasulire chinenero chamanja cha kuno kwathu kupita m'Chinyanja?

Kapata_Coder

Muli bwanji nonse a pa gulu. Ndine wophunzira za makompyuta, chaka chomaliza, ndipo tauzidwa kuti aliyense apereke mutu wa pulojekiti mwezi uno usanathe. Anzanga ambiri atenga zija za masiku onse, sisitimu ya mafizi a sukulu, sisitimu yowerengera katundu mushopu, koma ine mtima wanga uli pa chinenero chamanja. Mwana wa alongo anga ni wosamva chibadwire, ali ndi zaka 11, kusukulu amakamba ndi manja bwinobwino ndi anzake koma akabwera pa holide ife tonse pakhomo timangolozaloza zinthu, amake akudziwa tizizindikiro tochepa chabe, chakudya, madzi, kugona, basi. Akadwala ndiye vuto lenileni, kukiliniki anesi afunsa amake, amake ayankha zongoganizira, mwini thupi ali pomwepo kungoyang'ana uku ndi uku.

Ndiye ganizo langa ni ili. Apu ya pa foni ya Android, uloza kamera kwa munthu amene akukamba ndi manja, foni ilemba kapena kutchula m'Chinyanja zimene wanena. Ndaona mavidiyo pa YouTube anthu akuchita zotere ndi Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, munthu aika dzanja pa kamera pa sikirini n'kutuluka A, B, C, ndipo zioneka kuti siziphonya. Manje ndifunse amene mukuzidziwa, kodi zimenezi zingatheke pa chinenero chamanja cha Zambia? Data yophunzitsira modelo, pulogalamu imene imaphunzira poona zitsanzo zambiri, ndingaipeze kuti, kapena nditenge ya ku America popeza ndamva kuti zizindikiro zina zimafanana? Ndili ndi miyezi 6 ndi laputopu ya RAM 8GB yopanda GPU, kachipangizo kothamangitsa masamu olemera a kompyuta, malaiti mukudziwa kale mmene akuvutira. Amene munagwirako ntchito ndi anthu osamva nanunso chonde ndithandizeni maganizo.

WakuKatete_Data

Mphwanga, mutu wasankha ni wabwino kwambiri koma ndikuuze mosabisa, chimene walembacho, kuloza kamera kwa munthu aliyense foni n'kumasulira zonse, olo mayunivesite akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America okhala ndi makompyuta a ndalama zankhaninkhani sanafikepo bwino. Ine ndimagwira ntchito ya data ku Lusaka ndipo nkhani iyi ndaitsatira kwa nthawi, ndiye ndikufotokozere pamene pagona vuto.

Zija waona pa YouTube ni zilembo za pa zala. Dzanja laima chilili, kompyuta iyang'ana chithunzi chimodzi n'kunena kuti iyi ni B. Chimenecho ungachimalize pa wikendi imodzi, ngakhale kuti J ndi Z zidzakuvuta chifukwa zimayenda, chithunzi chimodzi sichingazigwire. Koma anthu osamva sacheza ndi zilembo, zilembo ni za maina a anthu, maina a malo, kapena mawu amene alibe chizindikiro. Pamwamba pa zimenezo pali kuzindikira chizindikiro chimodzi pachokha, kavidiyo ka masekondi awiri kompyuta inene kuti awa ni madzi, ichi ni chipatala. Apa m'pamene wophunzira ngati iwe angagwire ntchito yooneka. Ndiye pali munthu akukamba mosalekeza, ndipo apa zinthu zimalimba zedi chifukwa pakati pa zizindikiro palibe mpata ngati umene timasiya pakati pa mawu polemba, dzanja likumaliza chizindikiro ichi zala zayamba kale kupindikira chotsatira, kompyuta iyenera kudziwa yokha pamene china chathera ndi pamene china chayambira, ndipo olo izindikire zonse kumasulira kumakhala kusanayambe chifukwa kasanjidwe ka chiganizo ni kena.

Za kuona dzanja usade nkhawa, zimenezo anatichitira kale. Pali MediaPipe ya Google, yaulere, imayenda olo pa foni. Imaika timadontho 21 pa dzanja lililonse, m'mfundo za zala mpaka kunsonga, 33 pa thupi, ndi 468 pa nkhope. Vidiyo wamba imakhala ndi zithunzi 30 pa sekondi, ndiye chizindikiro cha masekondi 2 ni zithunzi 60, chilichonse ndi manambala ake osonyeza pamene kadontho kalikonse kali. Modelo yako sidzaona munthu ayi, idzaona m'ndandanda wa manambala amene akusintha ndi nthawi n'kuphunzira kuti akayenda motere ndiye chizindikiro chakuti. Ubwino wake manambala ni opepuka kuposa vidiyo, laputopu yakoyo ikwanitsa. Palinso OpenPose ya ku Carnegie Mellon University ya mu 2017 koma ija imafuna GPU kuti ithamange.

Vuto ni data. Ona zimene anzathu ali nazo. Imene ofufuza ambiri amayesera mamodelo awo ni RWTH-PHOENIX-Weather 2014 ya ku Aachen ku Germany, anaitenga pa TV, omasulira 9 akumasulira za nyengo, ovala zakuda, kumbuyo kwawo khoma lotuwa, kuwala kwa mu situdiyo, zizindikiro zongopitirira pang'ono 1,000 ndipo nkhani yake ni mvula, mphepo, dzuwa, mawa kuzizira. Modelo yochita bwino pamenepo ukaifunsa za m'mimba mwa mwana siidziwa kanthu. Ya America yotchedwa WLASL ili ndi mawu 2,000 m'mavidiyo oposa 21,000 a anthu oposa 100. A ku Oxford pamodzi ndi BBC anasonkhanitsa maola oposa 1,400 a chinenero chamanja cha ku Britain. Ife ya kuno imene ndinaiona ni AfriSign ya mu 2023, ili ndi zinenero zamanja za maiko 6, Zambia ilimo pamodzi ndi Ghana, Nigeria, Kenya, Zimbabwe ndi South Africa, koma mavidiyo ake ni mavesi a m'Baibulo ochokera kwa a Mboni za Yehova. Ni chiyambi chabwino, ndikuyamikira amene anaipanga, koma mmene munthu amakambira vesi atavala jekete kutsogolo kwa kamera ya bwino si mmene mwana wa zaka 11 amakambira mutu ukumuwawa. Kufuna womasulira zonse ndi data imene tili nayo kuli ngati kufuna kuphika nsima ya pamaliro ndi ufa wa m'kapu.

Ndiye chepetsa. Sankha zizindikiro zochepa, jambula wekha data ndi anthu osamva a konkuno, ndipo data imeneyo ndiyo idzakhale chuma cha pulojekiti yako kuposa code.

Mchini_Electronics

Bwanji osangopanga magulovu amwene? Ku Kenya kuli injiniya wina Roy Allela anapanga otchedwa Sign-IO, pa chala chilichonse pali sensa imene imamva chala chikapindika, uthenga upita pa Bluetooth ku foni, foni n'kutchula. Ku America nakonso anyamata awiri a University of Washington anawina $10,000 mu 2016 ndi magulovu awo a SignAloud. Arduino, kabodi kakang'ono kolumikizirapo masensa, ndi masensawo ungaitanitse ku Lusaka, kuwotcherera mawaya ndingakuthandize ine. Palibe za kuwala, palibe za kamera yosaona bwino, olo mumdima zigwira ntchito, ndipo ma lekichara amakonda chinthu chogwirika chimene angachione pa tebulo.

Aphunzitsi_SpecialUnit

Mwana wanga Kapata_Coder, poyamba ndikuthokoze. Inu ndinu amalume, ndipo kwathu kuno amalume akaima pa mwana wa mlongo wawo ndiye kuti mwanayo ali ndi pothawira. Ine makompyuta ndimangodziwa kulembapo mayeso, koma ana osamva ndawaphunzitsa zaka zambiri kuno kum'mawa, ndiye ndikambeko za chinenerocho chifukwa ndikuona kuti nonse mukuyang'ana manja okha.

Mu 1960 mphunzitsi wina wa ku Gallaudet, koleji ya osamva ku Washington, dzina lake William Stokoe, ndiye anaonetsa kuti chizindikiro chilichonse chimagawika m'zigawo: mmene zala zakhalira, malo amene dzanja lili, ndi mmene likuyendera. Ena pambuyo pake anawonjezera kumene chikhatho chaloza, ndi zochita za nkhope ndi thupi. Magulovu a bambo a ku Mchini angamve zala ndi kayendedwe pang'ono, koma sangadziwe bwino ngati dzanja lili pachibwano kapena pamphumi, ndipo nkhope sangaione n'komwe. Pamene galamala yaikulu ili pankhopepo.

Ndipereke chitsanzo cha kukiliniki komwe mwatchulako. Mwana achite chizindikiro cha mankhwala kenako cha kumwa, nkhope ili phee, ndiye kuti wamwa mankhwala. Manja omwewo, koma nsidze zakwezedwa m'mwamba mutu wasendera kutsogolo, ndiye kuti akufunsa, ndimwe mankhwala? Manja omwewonso mutu ukupukusidwa, ndiye kuti sanamwe. Zinthu zitatu zosiyana, manja sanasinthe olo pang'ono, ndipo pa zitatuzo kuphonya chimodzi mwana angamwe mankhwala kawiri kapena osamwa konse. Akamakamba za chotupa, masaya akatukumuka ndiye kuti chotupacho n'chachikulu, milomo ikafinyika n'chaching'ono. M'kalasi mwana akamakamba nkhope ili gwa timamubweza kuti ayambirenso, chifukwa anzake samumva.

China ni malo a kutsogolo kwa munthu. Mwana akamasimba nkhani amaika amake kudzanja lamanja, anesi kumanzere, mumlengalenga momwemu. Chizindikiro cha kupatsa chikachoka kumanzere kupita kumanja ndiye kuti anesi apatsa amake, chikabwerera ndiye kuti amake apatsa anesi. Papite ziganizo zisanu, angoloza kumanja osatchulanso dzina, aliyense wadziwa kuti akunena amake. Kenako atembenuza mapewa pang'ono, nkhope isintha, wasanduka nesi uja akukamba. Ndiye kompyuta yanuyo iyenera kukumbukira amene anaikidwa pati kuyambira pachiyambi pa nkhani. A WakuKatete mundiuze ngati timadontho tanu tija timakumbukira zimenezo.

Za kutenga data ya ku America iyayi. N'zoona alifabeti yathu ni ya dzanja limodzi ngati yawo ndipo zizindikiro zina zinalowa kuchokera kumeneko, koma chinenero chamanja cha Zambia n'chapachokha, ndipo si Chizungu kapena Chinyanja chochitidwa ndi manja. A ku Britain ndi a ku America onse amakamba Chingerezi koma osamva awo samvana, a ku Britain alifabeti yawo ni ya manja awiri. Pano pa Mwami ukangowoloka kupita ku Mchinji, ife akumva tikupitiriza Chichewa chathu chomwechi koma osamva a ku Malawi ali ndi chinenero chawo. Olo muno m'dziko, wophunzira ku Magwero, kumene sukulu ya osamva inayamba mu 1955, ndi wophunzira ku St Joseph's ku Kalulushi kapena ku Munali ku Lusaka amamvana ndithu koma pali zizindikiro zimene amasiyana, achikulire ndi achinyamata nawonso amasiyana. Ndiye pali ana a kumidzi ya ku Chadiza, Vubwi, Lundazi amene amafika kusukulu ali ndi zaka 9 kapena 10 ndi zizindikiro za pakhomo pawo zokha zimene anapangana ndi agogo awo. Musanajambule mudziwe kuti mukujambula za ndani.

Chomaliza, ana athu kusukulu amaphunzira kuwerenga ndi kulemba Chingerezi, ambiri obadwa osamva Chinyanja cholembedwa sachiwerenga chifukwa sanachimvepo. Chinyanja chotuluka pa foni chithandiza amake, koma amake akayankha mwana adzalandira bwanji?

Telala_wa_Manja

Ine ndine wosamva. Ndinadwala matenda oumitsa khosi ndili ndi zaka 9 makutu n'kutsekeka, n'chifukwa chake Chinyanja ndimalemba, koma amuna anga ndi anzanga ambiri anabadwa osamva ndipo kunyumba kwathu timakamba ndi manja. Mwana wanga wamkulu ndiye wandionetsa nkhani iyi ati amama yankhani.

Aphunzitsi afunsa funso limene ine ndimafunsa nthawi zonse. Magulovu avala ndani? Ine. Mawaya ali pa manja a ndani? Anga. Ndichaje ine, ndigule ine, ndizikamba pang'onopang'ono kuti makina asasokonezeke, kuti wakumva amve bwino osavutika. Ndiye iye akatsegula pakamwa kuyankha ine ndatsala pomwe ndinali. Achimwene a ku Mchini sindikukunyozani, mtima wanu ni wabwino, koma magulovu aja a ku America osamva akumeneko ndi akatswiri a chinenero anawadandaula pa zifukwa zomwezi. Ife manja athu ali bwinobwino. Amene sadziwa chinenero ni inu.

Ena amati ndiye tipange chidole cha pa kompyuta chizimasulira mawu kupita m'manja. Ndinazionapo pa intaneti. Manja amayenda koma nkhope ili ngati yopaka sera, mapewa osagwedezeka, umatopa kuchiyang'ana mphindi ziwiri ndipo theka umangoganizira. Mu 2018 bungwe la osamva la dziko lonse, World Federation of the Deaf, pamodzi ndi la omasulira la WASLI analemba chikalata chochenjeza kuti zidolezi zisalowe m'malo mwa womasulira wamoyo, makamaka pa nkhani zikuluzikulu. Mwina pa uthenga wosasintha ngati wa nthawi ya sitima zingathandize, koma kuchipatala, kukhoti, kupolisi iyayi. Chimene chimandiopsa n'chakuti wakumva sangathe kusiyanitsa kumasulira kwabwino ndi kwabodza. Mukumbukira pa mwambo wokumbukira Nelson Mandela ku Johannesburg mu December 2013, munthu anaima pafupi ndi atsogoleri a maiko akugwedeza manja zopanda tanthauzo kwa maola, akumva onse anaona ngati zili bwino, amene anadziwa ni osamva. Apu nayonso ingakhale choncho. Abwana a ofesi adzaona foni ikulemba Chinyanja chokoma n'kunena kuti basi womasulira sitikumufunanso, pamene zolembedwazo si zimene ndanena, ndipo ine sindidzadziwa kuti yandinamizira chiyani. Kuno ku Zambia lamulo la anthu olumala la mu 2012 lilipo, South Africa mu 2023 inafika poika chinenero chamanja kukhala chinenero cha boma cha nambala 12, ife tikulimbanabe kuti womasulira apezeke pa kauntala, ndiye musatipatse chinthu chimene chidzakhale chonamizira chotimana womasulira.

Za kujambula. Inu akumva mukapereka mawu anu pa kafukufuku nkhope yanu sioneka. Ife chinenero chili pankhope, sungabise, aliyense pa Kapata adzadziwa kuti uyu ni telala uja. Anabwerapo ena kudzatijambula, tinasiya mashini tsiku lonse, tinabwereza chizindikiro chimodzi mpaka mapewa kuwawa, anapita, mpaka lero sitidziwa mavidiyo athu ali kuti ndipo akugwira ntchito yanji. Ukafuna kutijambula ufotokoze ndi manja kudzera mwa womasulira, osati pepala la Chingerezi loti tisaine. Utilipire tsiku lathu olo pang'ono ndi thiransipoti. Mavidiyo tikhale nawo ifenso. Ndipo wosamva akhalepo posankha zizindikiro ndi ponena kuti ichi chalondola ichi chalakwika, osati kungokhala kutsogolo kwa kamera.

Ukandifunsa chimene ndingakonde, tembenuza kamera. Kafukufuku wa ku America anapeza kuti ana osamva 9 mwa 10 aliwonse amabadwa kwa makolo akumva, ndipo kuno ndikayang'ana anzanga ndi chimodzimodzi, ambiri makolo awo anamwalira osachezapo nawo nkhani yeniyeni. Panga apu yoti alongo akowo alembe "mutu ukuwawa" m'Chinyanja, patuluke vidiyo ya munthu wosamva wa ku Chipata akuchita chizindikirocho, iwo ayesere kutsogolo kwa kamera, foni iwauze ngati achita bwino. Wophunzira akhale mayi. Mwanayo chinenero ali nacho kale.

Kapata_Coder

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amayi a Telala ndi aphunzitsi. Ganizo lotembenuza kamera ndalikonda ndipo ndikuona kuti code yake ni yomweija a WakuKatete afotokoza, kuzindikira chizindikiro chimodzi pachokha, kungoti woima pa kamera ni kholo. Ndiye ndilemba purupozo motere: dikishonale ya mavidiyo yofufuzika m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, zizindikiro za pakhomo ndi za umoyo mwina 80, ndi mbali yoyeserera imene igwira ntchito popanda bandulo chifukwa alongo anga data amagula ya tsiku limodzi akafuna WhatsApp. A WakuKatete, pa zizindikiro 80 ndifunika anthu angati ndipo aliyense abwereze kangati? Nanga ndidzadziwa bwanji kuti modelo yaphunziradi osati kungoloweza? Amayi a Telala, ngati n'kotheka ndikufuna ndiyambe kuphunzira ine mwini ndisanajambule aliyense.

WakuKatete_Data

Aphunzitsi, kuyankha funso lanu, timadontho tija sitikumbukira kanthu, timangonena pamene dzanja lili panthawiyo. Kukumbukira kuti amake anaikidwa kumanja ni ntchito ya modelo ya pamwamba pake ndipo ni chimodzi mwa zinthu zimene ofufuza akulimbana nazo mpaka pano.

Mphwanga, njira watengayi ena anaidutsapo, ukawerenge. Mu 2023 Google inachititsa mpikisano pa Kaggle, webusaiti ya mipikisano ya data, wozindikira zizindikiro 250 za ku America, za gemu yotchedwa PopSign yothandiza makolo akumva kuphunzira zizindikiro zoyamba za ana awo. Anajambula osamva 21 pa mafoni, ndipo opikisana sanapatsidwe mavidiyo, anapatsidwa timadontho ta MediaPipe tokha, modelo inayenera kukhala ya TensorFlow Lite yoti iyende pa foni. Code ya opambana ili poyera, uione mmene anakonzera manambala, koma data ikhale yako.

Anthu ambiri obwereza pang'ono amaposa munthu mmodzi wobwereza kambirimbiri. Ukapeza anthu 12 kapena 15, aliyense abwereze kasanu, pa zizindikiro 80 ndi anthu 12 ukhala ndi timavidiyo 4,800, pa pulojekiti ya koleji si zochepa, koma ugawe masiku, wamva za mapewa zija. Pakhale amuna ndi akazi, achikulire ndi achinyamata, ndi wamanzere olo mmodzi, enawo ungatembenuze manambala pa kompyuta kuti modelo izolowere manja onse.

Za kuloweza, apa m'pamene ambiri amadzinamiza. Amasakaniza mavidiyo onse, n'kutenga ena kuphunzitsira ena kuyesera, munthu yemweyo ali uku ali uku, modelo n'kuonetsa mapelesenti okwera chifukwa yazolowera kayendedwe ka manja ake. Iwe patula anthu atatu amene modelo sidzawaona olo kamodzi pophunzira, uyesere pa iwowo. Nambala idzatsika, usaope, imeneyo ndiyo yoona ndipo ulembe yomweyo mu lipoti. Uyeserenso pa makolo enieni chifukwa wongoyamba kumene manja ake amachedwa ndi kuzengereza mosiyana ndi mwini chinenero.

Usajambule malo amodzi okha. Jambula pakhonde, m'nyumba madzulo ndi kababu ka sola, pansi pa mtengo wa mango pamene mthunzi uli mawangamawanga, wina atavala chitenje cha maluwa ambiri, ndi foni yotchipa imene dzanja likathamanga chithunzi chimachita chimbuuzi. Uone pamene timadontho tikutayika, makamaka dzanja lina likabisa linzake kapena likafika pankhope. Khungu lakuda m'kuwala kochepa uliyese mwapadera, mu 2018 Joy Buolamwini wa ku MIT anapeza kuti mapulogalamu ena ogulitsidwa onena ngati nkhope ni ya mwamuna kapena mkazi ankaphonya mpaka pafupifupi 35 peresenti pa akazi akuda pamene pa amuna oyera sankafika olo 1 peresenti, ndiye osangokhulupirira kuti chida chopangidwa kunja chitiona bwino. Pa nkhope usatenge madontho onse 468, tenga a milomo ndi nsidze, ndiwo ali ndi zija aphunzitsi afotokoza. Polemba kuti chizindikiro chayambira pati chathera pati gwiritsa ELAN, ni yaulere, ya ku Max Planck Institute ku Nijmegen, ndipo ntchito imeneyo achite wosamva, umulipire. Modelo ikakhala yosatsimikiza inene kuti yesaninso, isamangosankha chapafupi. Ndipo Data Protection Act ya 2021, lamulo la kuno loteteza data ya anthu, uiwerenge usanayambe, nkhope ya munthu ni data yake, ana usawajambule popanda chilolezo cha makolo, ine ndingati pa gawo loyambali jambula akuluakulu okha.

Telala_wa_Manja

Bwera, koma ubwere ndi alongo ako, asadikire apu. Udutsirenso ku Zambia National Association of the Deaf uwauze zimene ukufuna kuchita kuti zisakhale za ine ndi iwe chabe, iwo akuuza amene angayang'ane zizindikiro ngati zili zolondola. Ngati ungathe kukhala ndi kena koonetsa pofika sabata yomaliza ya September zingakhale bwino, pa 23 ni tsiku la zinenero zamanja ndipo osamva timasonkhana ambiri, ungamve maganizo a anthu osiyanasiyana tsiku limodzi.

Pa zizindikiro 80 zako usadzaze ndi maina a zinthu, kapu, mpando, nkhuku, zimenezo mayi angaloze ndi chala. Ika zimene sungaloze. Kuwawa, pati, liti, kuyambira dzulo, chifukwa chiyani, ndani, kuopa, kukwiya, pepani, ndakusowa. Uikenso za mwana wamkazi akatha msinkhu, ndi zoti mwana athe kuuza amake kuti wina wamugwira posayenera ndipo amake amve kuti ni ndani, chifukwa anthu oipa amasankha ana athu podziwa kuti kunyumba palibe amene angamve akanena. Zimenezo tidzajambula ife azimayi patokha ndi womasulira wamkazi, iwe udzangotisiyira foni ndi kutionetsa pobaya. Timakumana Loweruka masana tikatseka mashopu, ndilembere ku inbox ndikuuze malo.